Makina Osendera Mtedza a kwa a Tembo

Makina aja anafika pakhomo pathu pa njinga yamoto, ali m'katoni, titangomaliza kuthothola mtedza. Anatigulira ndi mwana wathu Edmond, uja amagwira ntchito ku Kitwe. Ndi mwana wabwino, sindikana. Koma ana a masiku ano akakukonda amakugulira chinthu, kenako n'kumaimba foni kufunsa ngati wasangalala.

Ndiyambe ndi amuna anga kuti mumve bwino. A Tembo, dzina lawo Whiteson, anaphunzitsa pa pulayimale kuno ku Chiparamba mpaka kupuma ntchito, ndipo lero lomwe anthu a imvi amawatchula kuti Aphunzitsi. Matenda a shuga ndi amene anawadya maso. Poyamba ankadandaula kuti nyuzipepala za masiku ano zikulembedwa ndi timalemba tating'ono. Kenako ankati dzuwa lachepa mphamvu. Kenako anasiya kudandaula. Tsiku limene anagunda mphumi pa chitseko chimene anakhoma okha ndi manja awo, analowa kuchipinda, n'kukhala pa bedi, osatulukanso. Abusa anabwera, anzawo opuma ntchito anabwera, onse ankalankhula ndi msana. Chakudya chinkabwerera mmene ndachipititsira. Munthu uja ankameta ndevu m'mawa uliwonse anafika poti adzukulu a oyandikana nawo ankamuopa.

Ine Fainess mtima wanga ndi wapachala, aliyense kuno akudziwa. Ndinanyengerera, ndinapemphera, ndinalira kuseri kwa khitchini. Tsiku lina zinandikwana. Ndinatenga lichero la mtedza wamakoko, ndinalowa nalo kuchipinda, n'kuwaika pamiyendo.

"A Tembo," ndinatero, "chafa ndi maso. Manjawa ndi amoyo. Sendani."

Ndinayesa andiponyera lichero lomwelo. Koma nditaima panja ndinamva kuti thwa. Patapita kanthawi, thwa. Madzulo ake anandiitana kuti kuchipinda kulibe potaya makoko, ndiwatulutsire mpando pansi pa mango.

Basitu, moyo unayambira pamenepo. Anzanga awiri oyandikana nawo, Lenia ndi Getrude, anayamba kubwera ndi mitanga yawo kudzasendera pa mphasa yathu. Poyamba ankachita manyazi kusenda ndi Aphunzitsi, koma miseche ilibe manyazi, pasanapite nthawi ankakamba zonse a Tembo ali pompo, iwo n'kumaweruza milandu ya mudzi wonse atakhala pampando. Ankagwedeza mtedza pafupi ndi khutu n'kudziwa wopanda kanthu m'kati. Ankayambitsa nyimbo za m'buku, amayi n'kumalandira. Anayambanso kumeta, n'kumafunsa ngati shati yasitidwa. Ine ndinaphunzira kutulutsa mtedza pang'onopang'ono, lichero limodzi lero, lina mawa, kuti ntchito ifike mpaka mvula yoyamba.

Vuto linali zala zanga. Nyamakazi inandigwira m'mfundo, zala zinatupa ndi kupindika, ndipo kusenda kunkandipweteka mpaka m'mapewa. Koma ndikasiya ine, iwo ankasiyanso, amvekere, "Ndingasende ndekha ngati wam'ndende?" Ndiye ndinkasenda. Edmond anaziona zalazo atabwera pa Isitala, ndipo n'chifukwa chake anagula makina.

Anali aatali kufika m'chiuno, a miyendo yachitsulo, pamwamba pothirira, pambali chogwirira chopukusa. Tsiku loyesa, Lenia ndi amene anapukusa. Mayo ine, phokoso lake! Gulugudu gulugudu, nkhuku zonse balalabalala. Thumba limene tikanakhala nalo masiku ambiri linatha madzi a tiyi asanawire. Amayi anaimba nthungululu, ine ndemwe ndinaomba m'manja. Nditatembenuka ndinaona a Tembo atakhala ndi lichero lopanda kanthu pamiyendo, manja ali lende.

"Mukamuthokoze Edmond," anatero. "Ndiye ntchito yatha, eti?"

Anadzuka n'kupapasa khoma mpaka kuchipinda. Mawa lake sanatuluke. Mkuja lakenso sanatuluke.

Sindinafunse munthu nzeru. Ndinatenga sipanala ya njinga, n'kumasula nati imene inkamanga chogwirira chija. Kuitaya ndinalephera, pajatu ndi chinthu chimene mwana wanga anagula. Ndinaibisa kunsonga kwa nsapato zanga zakuda zimene ndinavala pa ukwati wa Edmond, zimene zinasiya kundikwana kalekale ndipo zimangokhala m'katoni pansi pa bedi. Kenako ndinalengeza mokweza, pafupi ndi zenera la kuchipinda, kuti makina afa, zinthu za masiku ano n'zosalimba. Lenia anadandaula kwambiri poti ali ndi minda yambiri. Koma m'mawa mwake a Tembo anatuluka atameta.

Patapita milungu ingapo kunabwera foni. Kamnyamata ka ku kampani imene imapanga makinawo kankafunsa ngati tikuwagwiritsa ntchito. Ndinati ayi, anafa.

"Kapena amai mukuopa kuti mtedza wodutsa m'chitsulo sumera?"

"Eya, n'zomwezo."

"Kapenanso atate akukukanizani?"

"N'zomwezonso."

Ndinali ndi ndiwo pamoto, ndipo munthu akakubweretsera yekha mayankho, iwe umangovomera kuti adule foni. Ndinaiwalako za iye.

Mwezi wa Ogasiti, mphepo ya fumbi ili pakati, tikusenda pansi pa mango, njinga yamoto inaima pamsewu. Panatsika mtsikana wamtali, chikwama kumsana, m'manja atanyamula chitini mosamala ngati muli mazira. Anavala chitenje chatsopano chosachapa, chouma gwa, pamwamba pa thalauzi, ndipo mmene anamangira, chinkamasuka akangoponda kawiri. Atafika m'mphepete mwa bwalo anagwada. Osati kugwada kwathu kuja kongopinda bondo, ayi. Anagwada pafumbi kutali uko, n'kuyamba kubwera choyenda ndi maondo, chitini chili m'manja.

"Kodi ameneyu wabwera kudzapepesa mlandu wanji?" ananong'ona Getrude.

Ine ndinali nditamuwerenga kale, kapena ndinkaganiza choncho. Zikhadabo zopaka utoto, nsapato zoyera. Ndinati mumtima, awa ndi aja amayang'ana mphasa kawiri asanakhale, madzi athu samwa, atiphunzitsa zimene tikudziwa kale n'kubwerera basi isanawasiye.

Anati dzina lake ndi Tamiwe Jere, wachokera ku Lusaka, ku kampani ya makina. Chinyanja chake chinali cha kumeneko, chodumphadumpha, koma ankayesetsa.

"Ine sindigulitsa, komanso si ine makaniko," anatero. "Ntchito yanga ndi kunena kuti makinawa apangidwe motani, atalike bwanji, apangidwire ndani. Akakanika, ndakanika ndine. Kuno kum'mawa anthu sakuwagula, ndipo ena amene anagula anawasiya. Ndiye ndabwera ndekha."

Kenako anatembenukira kwa a Tembo, n'kuomba m'manja mwaulemu, n'kuyamba mawu amene ankaoneka kuti anawaloweza m'basi. Ankapempha kuti atate, monga mutu wa banja, alole amai kugwiritsa ntchito makina, poti chitukuko sichilimbana ndi mwambo.

A Tembo anamumvetsera mpaka kumapeto, nkhope ili phee.

"Mwanawe," anatero, "mayi awa ndinayesapo kuwakaniza chinthu kamodzi, chaka chimene tinakwatirana. Mpaka lero khutu ili limalira."

Lenia ndi Getrude anagwa nako kuseka. Mtsikana uja anasokonezeka, koma sanagonje. Anavundukula chitini chija. Munali dothi, ndipo munamera mtedza wobiriwira bwino, masamba atatambasuka. Anati mtedzawo unadutsa m'makina, iye anaudzala yekha pa zenera la ku ofesi, kuti tione ndi maso athu kuti chitsulo sichipha mbewu. Atangotchula za maso anazindikira, ndipo anagwira pakamwa. A Tembo anangotambasula manja, iye n'kuwapatsa chitinicho. Anapapasa masamba aja mofatsa, limodzilimodzi.

"Wamera bwino. Mwaunyamula kuchokera ku Lusaka?"

"Pamiyendo, atate. Ulendo wonse."

"Pepani ndi ulendo. Nanga anakuuzani ndani kuti kuno timaopa chitsulo? Khasu lomwe timalimira ndi lachitsulo."

"Amai ndi amene anatero pa foni."

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinati ndiwo zinkapserera, ndipo ndinadzuka msangamsanga kuti ndikamuonetse makinawo m'kanyumba kosungira katundu.

M'kanyumbamo anasintha, anakhala munthu wina. Chitenje chija anachikwinyira m'chiuno, n'kugwada pa makina, nthawi ino kugwada kwa ntchito. Anagwira apa, anasuzumira apo. Sanachedwe.

"Amai, apa sipanathyoke kanthu. Nati inachita kumasulidwa." Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kathumba ka manati atsopano. "Ndimanga pompano."

Ndinamugwira pamkono ndi zala zanga zopindikazo.

"Mwanawe, usamange. Tiye ukakhale nafe pa mphasa mpaka dzuwa lipendeke. Ukaona zimene uone, udzachite zimene ufuna."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana dzanja langa. Panja a Tembo anakuwa, "Kodi odwalawo achira?"

Mtsikana uja anabweza kathumba kaja m'chikwama.

"Ndifuna ndiwaonenso bwino, atate," anayankha.

Anakhala pa mphasa osaiyang'ana n'komwe. Kusenda sankadziwa, ankalimbana ndi mtedza ngati akutsegula botolo, ndipo chikhadabo chimodzi chinathyoka nthawi yomweyo. A Tembo anamva kuvutika kwake. Anamuuza asendere pafupi, anagwira zala zake n'kumuonetsa pokanikiza, pakamlomo ka khoko, kuti lingotseguka lokha. Unali uphunzitsi wawo uja wakale, mawu omwe aja ofatsa. Getrude anayamba nkhani ya mkamwini wake amene anagula wailesi yaikulu denga likudontha. A Tembo anaweruza kuti wailesiyo ifunditsidwe ambulera. Anayambitsa nyimbo, tinalandira. Mtsikana uja anasiya kufunsa mafunso. Ankangosenda, n'kumayang'ana nkhope ya a Tembo, kenako manja anga.

Dzuwa litapendeka ananditsatira kukhitchini, ndipo ndinamuuza zonse, za chitseko, za chipinda, za lichero lopanda kanthu pamiyendo.

"Makina ako ndi abwino," ndinatero. "Koma amamaliza ntchito, ndipo ntchito ikatha amuna anga amatha nawo. Ndikuopa, mwanawe. Ndikuopa kuti akalowanso kuchipinda kuja adzatuluka atanyamulidwa."

Anatola nkhuni n'kusonkhezera moto umene sunkafuna kusonkhezera.

"Nanga enawo?" anafunsa. "Ena amene anasiya makina, nawonso n'chimodzimodzi?"

"Ndingadziwe bwanji za m'nyumba za eni? Kawafunse."

Ndinkayesa apita tsiku lomwelo. Anagona kwathu, m'chipinda cha Edmond, ndipo anakhala masiku angapo. Madzi athu ankamwa, chigwada ankadya mpaka kupempha china, ndipo chitenje ndinamuphunzitsa kumanga. M'mawa ankabwereka njinga ya Lenia n'kumayenda khomo ndi khomo, mpaka kutsidya kwa dambo. Ankabwera ali mbuu ndi fumbi n'kumandifotokozera. Kwa a Dainess makina ali gone chifukwa msana wawo sulola kuima nthawi yaitali. Kwina akuti amaswa Chalimbana, mtedza wathu waukuluwu, ndipo ogula ku Chipata woswekawo amaukana. Kwina mwana wakhanda amadzidzimuka ndi phokoso. Bambo wina amawakonda kwabasi, amangodandaula kuti amagwedera.

"Amai, woopa chitsulo sindinamupeze ngakhale mmodzi," anatero tsiku lina tikutsuka mbale. "Ku ofesi kuli bolodi loyera. Tinakhala pansi tonse, anthu oti agogo athu anachokera konkuno, n'kumafunsana kuti bwanji sakugula. Ndiye tinalemba kuti anthu akumudzi amaopa zachilendo. Ndinalemba ndine, ndi dzanja langa. Mafunso a pa foni aja ndinakonzanso ndine."

"Ine ndinakulemba kuti sudzakhala pa mphasa," ndinamuuza. "Kungoti ndilibe bolodi."

Tsiku loti Tamiwe anyamuke, makina anali chikhalire osamangidwa. Tinali titagwirizana mwakachetechete kuti awasiya choncho. Atabwera kudzatsanzika pansi pa mango, a Tembo anati tonse awiri tikhale pansi. Anapisa m'thumba la shati, n'kutulutsa kanthu, n'kukaika pachikhatho. Inali nati ija.



"Amake Edmond," anatero, "nsapato za pa ukwati zija mumayesa amazipolisha ndani kuti zisachite nguwi? Ndimazipolisha ine, inu mukapita ku Chigwirizano cha amayi Lachinayi. Ndinaipeza mlungu womwe uja. Ndinaibwezeramo, chifukwa nanenso ndinkafuna kuti makinawo akhale akufa."

Anafunafuna dzanja langa mpaka analipeza, n'kulikweza kuti Tamiwe aone.

"Koma dzanja ili ndi limene limanditsogolera popita ku tchalitchi. Ndimalimva. Mwezi ndi mwezi likunka litupa. Mayi awa akuphwanya zala zawo kuti ine ndikhale ndi chochita, ndipo ine ndakhala chete ngati sindikudziwa. Zandikwana. A Jere, mangani makina anu."

Ndinakalipa, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndinati zala ndi zanga, ndiziphwanya mmene ndifunira. Ndinati ngati akufuna kubwerera kuchipinda kuja ayambe andiika m'manda ine. Misozi inali ikutsika. Iwo anangogwirabe dzanja langa, chikhatho chinacho chili chotambasula ndi nati ija.

Tamiwe anaitenga. Anaitembenuza m'zala zake kanthawi.

"Atate," anatero, "kodi inuyo munayesapo kupukusa?"

Palibe amene anaziganizapo, ine ndemwe ayi. Makina atabwera tonse tinangowadutsa a Tembo ngati mpando.

Tinawatulutsa makinawo, Tamiwe anamanga chogwirira, n'kuwatsogolera a Tembo. Anaima, anagwira, anayamba kupukusa. Mphamvu anali nazo. Koma makina ankagwedera, ankafuna munthu woona kuti awapondereze ndi phazi, ndipo chogwirira chinawamenya pa mfundo za zala. Gulugudu uja atayamba, ndinaona nkhope yawo ikusintha. Ankatembenuza mutu uku ndi uku. Anasiya.

"Sindikukumvani," anatero. "Phokosoli likayamba sindidziwa kuti muli kuti. Ndimakhala ndekha."

Tamiwe anawakhazika pampando wawo wa masiku onse. Anawapempha kuti apinde mkono ngati akupukusa ali chikhalire. Anamasula chitenje chake, anayeza nacho kuchokera pansi kufika pa chigongono chawo, n'kumanga mfundo pamenepo. Anayezanso kutalika kwa mkono, mfundo ina. Kenako anaitanitsa njinga yamoto, n'kumangirira makina aja kumbuyo.

"Sindikulonjeza kuti zitheka," anatero. "Koma atate, musalowe kuchipinda. Mukalowa amai andiimbira, ndipo ndidzabwera kudzakugwadirani kuchokera kumsewu."

"Chonde musatero," anatero a Tembo. "Nkhuku zinadabwa."

Tamiwe anapita, ndipo kunali zii. A Tembo anandiletsa kusenda, ankasenda ndi Lenia ndi Getrude, ine n'kumangopeta. Koma mtedza wathu unali kutha, ndipo ndinalibenso bodza loti ndiutalikitsire. Seputembala anafika, kutentha kunayamba. Ndinaimba foni kamodzi, Tamiwe anati akulimbana ndi akuluakulu ake, iwo akufuna makina othamanga kuposa kale, a injini. Mawu ake anali otopa. Nditadula ndinati basi, ndi mmene amathera anthu a m'tauni, mtima wabwino koma ntchito ndi ya eni. Lichero lomaliza linatha Lachiwiri. Lachitatu a Tembo anachedwa kudzuka. Lachinayi sanamete, ndipo ine ku Chigwirizano sindinapite.

Tamiwe anabwera Loweruka masana, pa kagalimoto kobwereka, nsapato zoyera zija zitasanduka zofiira. Anati akuluakulu anamulola kuyesa kamodzi kokha, ndiye anakhala mlungu wonse ku Chipata ndi wowotcherera zitsulo wa ku Kapata, chitenje cha mfundo chija chili pakhoma ngati muyezo. Makinawo ndinalephera kuwazindikira. Miyendo anaidula n'kuitambasula, anakhala aafupi, okhazikika. Chogwirira chinali chachitali, chokutidwa ndi mtengo wosalala. M'kati, mmene munali chitsulo chokhachokha, anaikamo mphira wa tayala lakale.

"Akuchedwa kuposa kale," anatero, ngati akupepesa. "Koma saswa Chalimbana."

"Mwachedwa ndinu," ndinatero. "Mtedza unatha."

Lenia, amene anali atafika kale kudzaonerera, sanadikire kuti ndimalize. Anathamanga kwawo n'kubwera ndi thumba pa njinga, amvekere m'nyumba mwake muli ena ambiri amene akumusowetsa tulo. Ndinalowa kuchipinda. A Tembo anali atakhala pa bedi, atayang'ana kukhoma.

"Kwabwera alendo anu ogwada aja," ndinatero. "Mutuluka nokha kapena ndibwere ndi lichero?"

Anatuluka ndi ndevu zawo zomwezo. Tinawakhazika pampando, Tamiwe anatenga dzanja lawo n'kuliika pa chogwirira. Chinali pomwe chigongono chawo chinkafuna. Ine ndinatapa mtedza ndi kapu n'kuthira pamwamba. Anapukusa. Makina analira pansipansi, khuru khuru khuru, ndipo mtedza unayamba kugwera pa mphasa, wathunthu, wosakanikirana ndi makoko, woti amayi apete. Tonse tinkayang'ana nkhope yawo. Anapukusabe. Kenako anapendeketsa mutu.

"A Getrude," anatero, "mkamwini wanu uja denga anafolera? Kambani, ndikukumvani."

Getrude anayamba kukamba akupukuta m'maso. Tamiwe anatembenuka n'kumayang'ana mango, ngati pali china chachilendo m'mitengo ya mango. Ine ndinathira kapu ina mofulumira.

"Pang'onopang'ono, amake Edmond," anatero a Tembo. "Tikuthamangira kuti?"

Tamiwe anagona kwathu, m'mawa n'kupitirira ku Kasenengwa. Anati kampani ikufuna kudziwa ngati makina aafupiwa angagulidwe kwina, ndipo iye sakudziwa chimene akapeze kumeneko, akakhala kaye pa mphasa za eni ake. Chitini cha mtedza chija anatisiyira, ndipo ndinauwokera kuseri kwa bafa kumene kumakhala chinyontho. Amaimba foni Lamlungu lililonse, ndipo amayamba ndi kufunsa ngati atate ameta.

Matumba a Lenia atatha, anabweretsa a Dainess. Kenako anthu a kutsidya kwa dambo anayamba kubwera ndi awo pa njinga, n'kumakhala pa mphasa kudikira, ndipo milandu yoti a Tembo aweruze inachuluka kuposa mtedza. Mvula yoyamba inagwa matumba asanathe, tinachita kusamukira pakhonde.

Tsiku lina ndikusesa kuchipinda ndinakoka katoni ija pansi pa bedi. Nsapato zinali kuwala. Nditanyamula ya kumanzere ndinamva kanthu kakugubuduka kunsonga. Inali nati yakale ija, poti makina atsopanowa Tamiwe anamangira ina. Ndinatuluka nayo pakhonde pamene a Tembo ankapuma, n'kuwaika m'dzanja.

"Ichi n'chiyaninso, a Tembo?"

"Ndinaipempha kwa a Jere, ndabwezera pamalo pake," anatero. "Muisunge. Palibe munthu wina amene anandinamizapo kuti ndikhale ndi moyo."

Ndinawakalipira pang'ono kuti nkhalamba yonseyi kumaseweretsa nsapato za anthu. Kenako ndinakhala pansi pambali pa mpando wawo n'kulira, kulira kwenikweni, kumene ndinakubisa zaka zonse zija kuseri kwa khitchini. Sananditonthoze. Anatenga dzanja langa n'kuyamba kupapasa zala, chimodzichimodzi, mfundo ndi mfundo, mmene anapapasira masamba a m'chitini aja.

"Zayamba kuphwa," anatero.